Anyanja Oopa Madzi

Azakhali anakapeza katayanikidwa pachingwe kuseri kwa nyumba yathu ku St Mary's, pakati pa chitenje ndi yunifolomu ya mwana. Anakanyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Kamalaya aka n'ka ndani?"

"N'kanga, azakhali. N'kosambirira."

"Iwe mwana iwe! Mayi wamkulu ngati iwe, ndi masukulu ako onse aja, ukavule pagulu n'kumakapalasa madzi ngati chule? Kumipopi madzi kulibe, iwe uli kalikiliki kukasewera nawo. Zimenezo n'za ana. Ndiponso n'za azungu."

M'mawu ochepa amenewo anandiimba milandu inayi. Sindinawayankhe tsiku limenelo, poti kwathu mwana sapikisana mawu ndi mlongo wa bambo ake. Ndikuyankha pano, ndipo sindikuyankha azakhali okha. Mawu omwewo ndawamva m'kombi, kutchalitchi, pamjigo, ngakhale kwa anzanga ophunzira amene amalemba za ufulu wa munthu wakuda m'Chingerezi chosalala. Ndikuti onsewo akulakwa, ndipo kulakwa kwawoko kukutiphera ana.

Ndiyambe ndi mmene kamalayako kanafikira pachingwe. Ntchito yanga ndi yomasulira. Ndimadyera mawu a anthu ena, kuwachotsa m'Chingerezi n'kuwaika m'Chichewa kapena m'Chishona. Chaka chatha ndinalandira nkhani ya mayi wina wa ku Ulaya amene anabwerera ku masewera otsetsereka pa chipale chofewa, amene eni ake amati ski, atawasiya zaka zoposa 20. Ndinaseka ndisanayambe n'komwe. Ku Zimbabwe kulibe phiri lotsetserekapo motero. Wofuna chipale kuno kummwera kwa Africa amakwera mpaka ku Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, pamwamba pa mamita oposa 3,000, ndipo amachipeza m'miyezi yozizira yokha. Mzimbabwe woyamba kupikisana pa Olimpiki ya m'nyengo yozizira, Luke Steyn, amene anakatsetsereka ku Sochi mu 2014, anabadwira ku Harare koma anakulira ku Ulaya. Ndiye ine wa ku Chitungwiza ndimasulire za chipale kuti awerenge ndani?

Kuseka kunatha nditafika pakati pa nkhaniyo. Mayiyo anapeza kuti zipangizo zinasintha iye kulibe: timatabwa tovala kumapazi, timene kale tinali titalitali ndi towongoka, tsopano n'tatifupi, toning'a pakati kuti tizikhota mosavuta. Anapezanso kuti miyendo yake sinaiwale kanthu. Chatsopano mwa iye chinali mantha. Ndipo pa masewera amenewa mantha ali ndi nkhanza yakeyake. Munthu akaona mmene phiri latsetserekera, thupi limafuna kubwerera chagada, kutali ndi phompho. Akatero kulemera kwake kumachoka kutsogolo kwa timatabwa tija, sangathenso kutiwongolera, ndipo amagwa. Kuti asagwe ayenera kuweramira komwe akuopako.

Ndinasiya kompyuta n'kukaima pakhomo. Chipale sindinachionepo, koma chimene mayiyo ankanena ndinkachidziwa m'thupi mwangamu. Nanenso ndinali ndi chinthu chimene ndinachisiya zaka 23 m'mbuyomo, ndipo malo amene ndinachisiyira anali pafupi, woti n'kuyenda wapansi.

Mu September 1995 Zimbabwe inalandira masewera a All-Africa Games, ndipo mipikisano yosambira inachitikira kwathu konkuno, pa Chitungwiza Aquatic Complex, imene inamangidwira masewera omwewo. Ndinali ndi zaka 6. Amene anapambana sindiwakumbukira. Ndimakumbukira mabasi, mbendera, ndi bambo anga akuseka kuti Africa yonse yabwera kudzasamba ku Chitungwiza. Patapita zaka zitatu mphunzitsi wathu wina, mayi wamfupi wa mawu ngati belu, anayamba kutitengera kumeneko Lachitatu masana. Tinkayenda pamzere, aliyense ndi thaulo m'kathumba ka pulasitiki. Ndinaphunzira kugona chagada pamadzi n'kumayang'ana kumwamba, ndinaphunzira kutsegula maso pansi pa madzi, ndipo pofika zaka 12 ndinkawoloka mamita 50 osaima.

Kenaka ndinatha msinkhu. Palibe amene anandiletsa ndi mawu. Kamalaya kanga katandithina, amayi anangokhala chete osagula kena. Anzanga anayamba kukhala pabenchi atafunda majuzi, inenso ndinakhala nawo. Zaka zinapita, chuma cha dziko chinagwa, ndipo dziwe lija nalonso linakhala zaka zambiri losagwira ntchito. Ana obadwa pambuyo pathu akamva kuti Aquatic amaganiza za oimba, maukwati ndi misonkhano ya mapemphero, chifukwa ndi zimene malowo anatchuka nazo. Madzi anatsalira m'dzina mokha.

Ndinabwerera m'madzi ndili ndi zaka 35, nditangomaliza kumasulira nkhani ija. Loweruka lina m'mamawa ndinakwera kombi ya ku Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 25, n'kukalipira pachipata cha dziwe lina la m'tauni. M'madzimo munali ana okhaokha. Makolo anali pamtunda, maso pa mafoni. Ndinakhala nthawi yaitali m'chipinda chosinthiramo zovala, ndikumvetsera phokoso la anawo, ndikuwerengera ndalama ya kombi imene ndikanaitaya ndikanabwerera. Nditalowa, mikono inakumbukira zonse. Makolo anati madzi saiwala khwawa, ndipo thupi nalonso siliiwala njira imene linadutsamo lili laling'ono. Koma nditapalasa kasanu kokha ndinaima, ndikutsokomola, mtima ukugunda ngati ng'oma ya gule. Chimene ndinaiwala chinali kupuma.

M'chinenero chathu mawu akuti kupuma ali ndi ntchito ziwiri, kukoka mpweya ndi kuleka ntchito utatopa. M'madzi ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Wosambira amatulutsira mpweya m'madzi momwemo, pang'onopang'ono, nkhope itamira, kuti akatembenuza mutu angokoka wina. Wamantha amaugwira mpweyawo pachifuwa n'kudzutsa mutu kuti aone kumene akupita. Mutu ukadzuka, chiuno ndi miyendo zimatsika, thupi limaima chilili m'madzi, ndipo thupi loima chilili ndi limene limamira. Kuti uyandame uyenera kuupereka mutu ku madzi omwe ukuwaopawo. Ndi nkhani ija ya mayi wa pa chipale. Panapita masabata 6 ndisanawolokenso dziwe lonse, ndipo mphunzitsi wanga anali mtsikana wa zaka 19 amene ankanditchula kuti amayi kwinaku atandigwira pamimba ngati khanda.

Tsopano tibwere ku milandu ija. Woyamba ukuti kusambira n'kwa ana. Ndikuvomera kuti ndi anadi amene timawapeza m'madzi. Koma tawafunsani kumene amasambira. Mvula ikagwa, maenje osiyidwa ndi okumba mchenga m'mphepete mwa Manyame ndi Nyatsime amadzaza, ndipo kumeneko ndi kumene ana athu amakadziphunzitsa okha, mozemba, popanda wamkulu, m'madzi amatope osaoneka pansi. Dzinja silidutsa osamva za mwana amene wakavuulidwa ndi apolisi osambira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo.

Ndinakhalapo pamaliro a mwana wotero mumsewu wathu womwewu. Chimene sindiiwala ndi zimene ankasimba amene analipo. Akuluakulu oposa 10 anathamangira padzenjepo, ena amuna amphamvu zawo, ndipo onse anaima m'mphepete akukuwa. Panalibe wodziwa madzi. Sindikuti akanadumphiramo. Munthu womira amakukakamira n'kumira nawe limodzi, ndipo ophunzitsa kupulumutsa amayamba ndi lamulo lakuti umponyere chinthu choyandama kapena umutambasulire mtengo iwe uli pamtunda. Koma ngakhale lamulo limenelo panalibe wolidziwa. Pafupi pomwepo panali amayi opita kumjigo ndi zigubu zawo. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimayandamitsa munthu wamkulu. M'tauni ino ya mipopi youma mulibe nyumba yopanda zigubu. Chopulumutsira chinali m'manja, koma palibe anachizindikira, chifukwa tinagwirizana kalekale kuti za m'madzi n'za ana.

Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga mwana akagwera m'dambo lenilenilo, akuluakuluwo amakhala ali kuti? Munthu womira sakuwa monga timaonera m'mafilimu. Pakamwa pake pamatanganidwa ndi kufuna mpweya, amapita mwakachetechete, ndipo wodziwa madzi yekha ndi amene amazindikira msanga kuti uyu sakusewera. Mwana saphunzira kusambira kwa munthu woima pamtunda atavala nsapato. Wamkulu akamati kusambira n'kwa ana, zenizeni zake akuti ana adzionere okha.

Mlandu wachiwiri ukuti n'za azungu. Uwu ndiye umandipsetsa mtima, chifukwa ukutuluka pakamwa pathu ife. Ife ndife ayani? Agogo anga aamuna, bambo awo a azakhali omwewa, anachokera ku Nkhotakota. Anali msodzi, mwana wa msodzi. Analowa mu Southern Rhodesia kudzera ku Tete, monga anachitira anthu zikwizikwi a ku Nyasaland odzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ndipo sanabwererenso, anakhala mtchona. Madzulo ankatisimbira za mwera, mphepo ija yotembenuza bwato, za nyali za asodzi a usipa usiku, ndi za mwana wa kunyanja amene amadziwa kusambira asanadziwe kuwerenga zala zake. Chinenero chimene ndikulembachi dzina lake lina ndi Chinyanja. Anyanja ndi anthu a kunyanja. Anzathu kuno akafuna kutinyoza amatitcha Manyasarandi, ndipo ngakhale m'chipongwe chimenecho muli nyanja, poti nyasa ndi nyanja m'Chiyao. Anthu amene dzina lawo ndi madzi, lero akuuza ana awo kuti madzi ndi a azungu!

Wolemba mbiri Kevin Dawson, m'buku lake la mu 2018 lotchedwa Undercurrents of Power, anasonkhanitsa umboni wa apaulendo a ku Ulaya amene anafika m'magombe a kumadzulo kwa Africa zaka mazana angapo zapitazo. Apaulendowo ankadabwa ndi luso la anthu akuda pa kusambira ndi kulowa pansi pa nyanja, pa nthawi imene amalinyero ambiri achizungu sankadziwa n'komwe kuyandama. Chimene chinali cha azungu mu Rhodesia si kusambira, koma dziwe. Maiwe anamangidwa m'masukulu awo ndi m'mabwalo a nyumba zawo, pamene ife anatikankhira kumalokeshoni ngati St Mary's, kutali ndi tauni, koti tizikangogona n'kumadzukira kuntchito. Anatitsekera kunja kwa mpanda. Ife m'malo modana ndi mpandawo tinadana ndi madzi, ndipo chidani chimenecho tinachitcha chikhalidwe.

Azakhali ali ndi mboni yawo, Kirsty Coventry. N'zoona, mwa mamendulo 8 a Olimpiki amene Zimbabwe ili nawo, 7 ndi ake, a ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008, ndipo mu March 2025 anasankhidwa kutsogolera komiti ya Olimpiki padziko lonse, mayi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa pa mpando umenewo. N'zoonanso kuti Zimbabwe inadikira mpaka masewera a ku Tokyo mu 2021 kuti itumize ku Olimpiki wosambira wakuda woyamba, Donata Katai, ali ndi zaka 17. Koma zaka 41 zimene zinadutsa kuchokera pa ufulu wa 1980 sizikunena za khungu. Zikunena za amene anali ndi dziwe pafupi, mphunzitsi, ndi kholo lomuperekeza m'mamawa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, inde, koma dziwelo likhalepo.

Mlandu wachitatu ukuti madzi kulibe, ndipo uwu ndi wolemera, sindiupeputsa. Ndakulira pamzere wa pamjigo. Ndinali ndi zaka 19 pamene kolera inabuka mu Chitungwiza mu August 2008, n'kufalikira dziko lonse mpaka kupha anthu oposa 4,000. Munthu amene wadzuka kusanache kukaima pamzere ndi ndowa ali ndi ufulu wokwiya akamva za dziwe losambiramo. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Dziwe la muyezo wa Olimpiki, la mamita 50 m'litali, 25 m'lifupi ndi 2 kuya kwake, limalowa malita 2.5 miliyoni. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 350,000 mu Chitungwiza. Aliyense atapatsidwa malita 50 okha patsiku, muyezo wotsika wa zofunika kumwa, kuphika, kusamba ndi kuchapa, tauniyi ikufuna malita 17.5 miliyoni tsiku lililonse. Ndiye kuti dziwe lonselo ndi madzi a maola osakwana anayi a tsiku limodzi. Ndipo dziwe salidzaza tsiku ndi tsiku. Madzi ake amazungulira m'makina osefa, n'kumangowonjezera amene atayika ndi dzuwa kapena potsuka sefa.

Ndiye ndifunse: zaka zonse zimene dziwe la Aquatic linakhala losagwira ntchito, kodi mpopi wanu unayamba kutulutsa madzi? Dziwe louma silinamwetsepo munthu ndi mmodzi yemwe. Mpopi wouma ndi dziwe louma ndi ana a mayi mmodzi: pampu yosakonzedwa, paipi yosasinthidwa, chinthu cha anthu onse chimene chasiyidwa kuti chife chifukwa eni ake anazolowera kupempha zochepa. Amene amatiuza kuti tisankhe pakati pa kumwa ndi kusambira sanatipatse n'chimodzi chomwe. Tikavomera lero kuti wosauka ayenera kupempha chakumwa chokha, mawa tidzauzidwa kuti laibulale ndi bwalo la mpira nazonso n'zapamwamba, kuti munthu wa kulokeshoni ndi m'mero ndi m'mimba basi.

Pa mlandu wachinayi, wa kuvula pagulu, sindichedwapo. Agogo athu aakazi a kunyanja ankasamba pagombe la amayi, amuna ali ndi lawo, ndipo palibe ankati ataya ulemu. Mankhwala a manyazi amenewo analipo kale: malo ndi nthawi ya amayi okhaokha. Zovala zosambirira zofika m'mawondo ndi m'zigongono nazonso zilipo. Koma tinene zoona. Chimene chimatiletsa kwenikweni si kuoneka thupi, ndi kuoneka osadziwa. Munthu wa madigiri awiri, mayi wa mwana, kugwiridwa pamimba ndi mtsikana, kumeza madzi, kutsokomola ana akuonerera. Kwathu wamkulu saphunzira pagulu. Timafuna ana atipeze tikudziwa kale zonse, ndiye chimene sitichidziwa timachinyoza. N'chifukwa chomwechi ambiri a ife obadwira kuno, amene Chichewa chinatipulumuka tili ana, timachita manyazi kuchiyambiranso pamaso pa agogo, ngakhale kuti malamulo aakulu a dziko a 2013 anachiika m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka za Zimbabwe. Timaopa kusekedwa kuposa mmene timaopera kutaya.

Koma ndisabisale kuseri kwa maliro a ana. Sindinakwere kombi tsiku lija kuti ndikapulumutse munthu. Ndinapita chifukwa ndimakonda kusambira, ndipo ndinali nditakusowa. Ichinso ndikuchiteteza. Kwathu thupi la mayi wamkulu ndi la ntchito: lisenze ndowa, libereke mwana, ligwade pamaliro, liime pamzere. Likapezeka likusangalala palokha, popanda womupindulira, anthu amafunsa kuti lalakwa chiyani. Komatu Lamlungu lililonse madala a mimba zawo amathamangitsana ndi mpira m'mabwalo a ku Zengeza ndi ku Seke, ndipo palibe amati n'zachibwana. Timati akuwongola miyendo. Ola limodzi pasabata, thupi langa silisenza kanthu. Madzi ndi amene amalisenza. Mawondo amene amalira ndikakwera masitepe amakhala chete, ndipo mutu wodzaza ndi mawu a anthu ena umangowerenga mpweya. Sindipepesa kwa aliyense chifukwa cha ola limenelo.

Sindikuuza munthu kuti akadumphire mu Manyame. Mitsinje yathu ili ndi zonyansa za m'zimbudzi, ili ndi likodzo, ndipo kwina kuli ng'ona. Zopempha zanga n'zowerengeka. Dziwe la Aquatic likhale dziwe, logwira ntchito chaka ndi chaka, pa mtengo woti mayi wogulitsa tomato pa Chikwanha n'kuukwanitsa. Likhale ndi ola la akuluakulu oyamba kumene ndi obwerera, ndi ola la amayi okhaokha. Masukulu a pulayimale azipita ndi ana monga tinkapitira ife, koma tsopano aphunzitsi ndi makolo azilowa nawo. Maenje a mchenga akwiriridwe ndi amene anawakumba. Ndipo pa 25 July, tsiku limene bungwe la United Nations linapatula mu 2021 kuti dziko lizikumbukira za kupewa kumira, mipingo yathu ndi mabungwe athu a maliro, amene amadziwa bwino kusonkhanitsa anthu mwana atafa, asonkhanitse anthu kamodzi mwana asanafe. Achite pamjigo pomwepo, aonetse ntchito ya chigubu, chingwe ndi nsungwi. Zimenezo sizifuna dziwe, sizifuna ndalama.

Kwa inu amene munadziwapo kusambira muli ana, kaya ku Mangochi, ku Nkhata Bay, ku Metangula, ku Kariba kapena m'damu la pafamu, musadikire kuti zonsezi zitheke. Thupi lanu likukusungirani. Mudzatopa msanga, mapewa adzawawa masiku atatu, ana adzakusekani tsiku loyamba ndipo lachiwiri adzakhala ataiwala. Pitani pamalo pamene pali wodziwa kupulumutsa, musapite nokha, yambirani posaya pamene mungaime, ndipo choyamba kuphunziranso chikhale kutulutsira mpweya m'madzi. Zina zonse zidzabwera zokha.

Azakhali sanasinthe maganizo, ndipo sindinama kuti anasintha. Amati ndikadali pa chibwana changa. Koma Loweruka lapitali, ine ndi mwana wanga wamkazi tikupinda mathaulo, anatulukira pakhomo ndi mdzukulu wawo wa zaka 7 atamuveka kabudula wa mpira.

"Umutenge uyu," anatero osandiyang'ana. "Dzulo ndamugwira akuchokera kumaenje, zovala zili nyowe."

"Nanga inu, azakhali?"

Anati iwo ndi mwana wa msodzi, sangaphunzitsidwe ndi ana. Ali mtsikana pafamu ankawoloka damu lonse, bambo awo akusambira pambali pawo. Ndinafunsa kuti analeka liti. Anayamba kuwerenga zala, kenaka anasiya.

"Kombi ikusiyani," anatero.

Madzulo ake ndinawasiyira chovala china, chofika m'mawondo, pampando wa m'chipinda chawo. Mpaka lero sanachivale. Komanso sanandibwezere.